Makina otchetchera kapinga akukana kulira: musanagule sitata werengani kaye apa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amawerenga zomwe ndimalembazi. Ali ndi makina otchetchera kapinga aja okhala ngati kathirakitala, oti umachita kukhala pampando nkumawongolera, injini yake ndi ya Briggs & Stratton ya silinda imodzi. Akuti anakhala miyezi inayi osawagwiritsa ntchito, ndiye pano akapotokola kiyi injini imangotembenuka pang'ono nkuima ngati batire latha. Anagula batire latsopano koma palibe chasintha. Tsiku lomwe yalira mwamwayi, imatchetcha mphindi 20 kenako nkuzima yokha. Akufunsa ngati agule sitata yatsopano.

Bambo, ndalama zanuzo zisungeni kaye mthumba. Ine ndinagulapo sitata pa vuto lomweli, ndinaimanga bwinobwino, kupotokola kiyi, injini inangoti "uuu" nkuima pamalo pomwe paja. Sitata yakale ija mpaka lero ili pashelefu, ilibe vuto lililonse.

Chomwe chandithandiza mu imelo yanu ndi mawu oti injini imatembenuka pang'ono. Makinawa akakana kulira kamvekedwe kake ndi komwe kamakuuza koyambira. Ukapotokola kiyi nkungoti zii osamva kalikonse, nthawi zambiri ndi fyuzi kapena timaswitchi tachitetezo tija, kena kali pansi pa mpando, kena pa buleki, kena pa chogwirira choyatsira mipeni, ndipo ngati simunaponde buleki mpaka pansi kapena mipeni mwaisiya yoyatsa sitata siingayese nkomwe kuzungulira. Ikamangoti "ta" kamodzi, ndiye kuti solenoid, kaswitchi kotumiza moto wa batire ku sitata, ikugwira koma moto sukufika mokwanira. Zanu si izi ayi, inu sitata ikuyesetsa koma ikulemedwa.

Batire kukhala latsopano sizitanthauza kuti ndi lodzadza, ena amakhala nthawi yaitali asanagulidwe. Bwerekani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, muyeze. Lodzadza limawerenga cha m'ma 12.6V, ndipo wina akamapotokola kiyi inu mukuyang'ana, lisamagwe kupitirira pansi pa 10V. Injini ikalira muyezenso, likuyenera kukwera kudutsa 13V, apo ayi ndiye kuti silikutchajidwa. Kenako masulani mawaya onse awiri a pa batire muwakweche ndi sandipepa mpaka awale, osaiwala kumapeto kwa waya wakuda uja komwe amamangidwa ku chitsulo cha makinawo. Pamenepo pamachita dzimbiri mobisa, kunja kumaoneka bwino koma ukamasula umapeza zofiira zokhazokha.

Zimenezi zikakhala bwino, chotsani pulagi mupotokole kiyi. Waya wa pulagi mumuike kutali ndi bowolo ndipo nkhope yanu isakhale pafupi, chifukwa nthawi zina pabowopo pamatuluka petulo ngati mpopi. Zikatero ndiye kuti kasingano ka mu kabuleta sikakutseka, mafuta akhala akudontha miyezi yonseyi mpaka kudzadza mu silinda, ndipo pisitoni siingapanikize madzimadzi ngati mmene imachitira ndi mpweya. Solorani dipstick, kachitsulo koyezera oyilo kaja, mununkhize. Oyilo akamanunkha petulo komanso ngati wakwera kudutsa pa mzere, musalizenso injiniyo musanakonze kabuleta nkusintha oyilo, mungaphe injini yonse.

Koma ngati sipanatuluke kanthu ndipo popanda pulagi injini ikuzungulira mopepuka mwaliwiro, ine ndikukaikira mavavu, tizitseko tolowetsa mafuta ndi kutulutsa utsi mu silinda, ndipo pa injini za mtundu wanuwu ndi matenda odziwika kwambiri. Mkati muja pa camshaft, chitsulo chozungulira chomwe chimatsegula mavavu, pali kachitsulo kakang'ono komwe ntchito yake ndi kutsegula vavu imodzi pang'ono kwambiri pa nthawi yoliza, kuti mpweya wina uthawe sitata isavutike. Injini ikangolira kachitsuloko kamadzichotsa kokha. Ndiye pakapita zaka mpata wa pakati pa rocker (mkono wokankha vavu) ndi mutu wa vavu umakula, kachitsulo kaja kamakankha koma kukankhako kumangothera mu mpatamo vavu osatseguka, sitata nkumalimbana ndi mphamvu yonse ya mpweya wopanikizika. Nchifukwa chake imaima malo amodzimodzi nthawi zonse, ndipo mukaibweza mmbuyo ndi manja pa chozungulira cha pamwamba chija kuti ipeze pothamangira, nthawi zina imadutsa nkulira. Mwayi womwe mumanena uja ndi umenewo.

Kukonza kwake sikufuna kugula chitsulo chilichonse, mwina gasiketi basi ngati yang'ambika. Injini ikhale yozizira, kiyi muchotse, pulagi ikhalebe kunja. Masulani chivindikiro cha mavavu cholembedwa OHV chija, ikani kansanza pansi poti pamadontha oyilo pang'ono. Zunguzani injini ndi manja mpaka mavavu onse awiri atatsekeka pisitoni ili pamwamba penipeni, mutha kuimva ndi kamtengo kosalala kolowetsa pa bowo la pulagi, kenako pitirizani kuzunguza pang'ono kuti pisitoni itsike ndi 6mm. Apa anthu ambiri ndi pomwe amalakwitsa, amayeza pisitoni ili pamwamba penipeni. Lowetsani feeler gauge, kachitsulo kopyapyala koyezera mpata, pakati pa rocker ndi mutu wa vavu. Pa injini zambiri za silinda imodzi za kampaniyi vavu yolowetsa mafuta imafuna 0.08 mpaka 0.13mm, yotulutsa utsi 0.13 mpaka 0.18mm, koma onani nambala ya injini yanu yomwe imadindidwa pa chivindikirocho mufananize ndi buku lake. Kachitsulo koyezerako kazilowa mokoka pang'ono, osati mochita kukakamiza komanso osati mogwedera. Mukasintha mpatawo nkumanga loko ya pa rocker yezaninso chifukwa pomanga mpata umasuntha, ine ulendo woyamba ndinabwereza katatu ndisanaupeze. Mukachita zonsezi koma ikulemedwabe, mwina kachitsulo ka pa camshaft kaja kanathyoka, imeneyo ndi ntchito yotsegula injini, apo pitani nayo kwa makaniko.

Tsopano zozima pakatha mphindi 20. Ili ndi vuto lina palokha, musaliphatikize ndi loyambalo. Chotsekera pa thanki chili ndi kabowo kolowetsa mpweya, kakatsekeka ndi fumbi mafuta amasiya kutsika ngati mmene zimakhalira ukatseka kumwamba kwa kapaipi ndi chala. Ikangoyamba kutsokomola masulani chotsekeracho pang'ono, mukamva kuti "fuu" injini nkutsitsimuka, mwalipeza. Ngati sizinasinthe, ikangozima pompo yezani ngati pulagi ikuthetheka moto isanazizire, chifukwa koyilo, yomwe imapereka moto ku pulagi, ikatopa imagwira bwino ikazizira koma ikatentha imasiya, ndiye mukadikira theka la ola mudzapeza moto ulipo nkumaganiza kuti ilibe mlandu.

Poti makinawo anakhala miyezi inayi, chotsaninso chivindikiro chachikulu cha pamwamba pa injini musuzumire. Makoswe amakonda kumanga zisa mmenemo, ine ndinatulutsamo udzu wouma ndi tizidutswa ta siponji wa pampando zodzadza manja awiri, mipata yonse yodutsa mphepo yoziziritsa injini itatsekeka. Injini imeneyi ilibe madzi, imadalira mphepoyo basi.

Mafuta omwe ali mthankimo ngati ndi omwe aja a miyezi inayi, akhuthuleni onse. Petulo amayamba kuwonongeka pakangotha mwezi umodzi kapena kuposerapo pang'ono, makamaka wosakaniza ndi ethanol yemwe amakoka chinyontho, ndipo amasiya zomata ngati ulimbo mu timabowo ta kabuleta. Sinthani kasefa ka mafuta kali pa paipi kaja, muonetsetse muvi wake ngati ulipo ukuloza ku injini. Pansi pa kabuleta mupezanso ka solenoid kena kakang'ono kokhala ndi waya, ikani chala pamenepo wina apotokole kiyi kamodzi osaliza, kakuyenera kumveka kuti "ti". Kakapanda kutero mafuta sadutsa ngakhale thanki itadzadza. Pulagi ikakhala yakuda bii ndi mwaye onaninso sefa ya mpweya, ndipo mpata wa pulagi pa injini zambiri zoterezi ndi 0.76mm.

Mukayeza mavavu aja mundilembereko mpata womwe mwaupeza musanasinthe, ndi nambala ya injiniyo. Ukakhala kuti unali kale bwino ndiye tidzakambirana za sitata ija.