Kabokosi kofiira kanandichititsa manyazi ku Chikangawa

Achemwali ena a ku Lilongwe andilembera imelo sabata yatha. Agula galimoto yawo yoyamba, amapita kumudzi ku Rumphi ndi ana, ndipo chaka chino akufuna akakwereko phiri la Mulanje ndi anzawo a kuntchito. Akufunsa kuti pa timabokosi ta chithandizo choyamba tomwe aona m'masitolo agule kati, kakang'ono kapena kakakulu kolembedwa kuti muli zinthu 100.

Achemwali, imelo yanu ndinaiwerenga, ndi kuitseka, ndi kukateleka tiyi kaye. Mwandigunda pabala.

Inenso ndinali nako kabokosi koteroko. Kofiira, ka zipi, mtanda woyera pamwamba. Kanakhala kumbuyo kwa galimoto zaka zitatu osatsekulidwa, ndipo ndikamatsitsa katundu ndinkakayang'ana ndi mtima wa munthu wokonzeka. Ndiye usiku wina mu June, zaka zingapo zapitazo, tikuchokera kumaliro ku Mzuzu. Amene munadutsapo ku Chikangawa nthawi yozizira mukudziwa nkhungu ya kumeneko, yoti nyali za galimoto zimangothera pamphuno. Patsogolo pathu lole ya matabwa inali itafera mumsewu, yopanda nyali, chizindikiro chake nthambi ziwiri zoponya pa tala. Pikapu ina poizemba inakagwera kumbali. Titaima tinapeza mnyamata atakhala pa udzu, ntchafu itang'ambika ndi chitsulo, magazi akutuluka ngati pampopi wosatseka bwino.

Ine thamangu, kukatenga kabokosi kanga. Ndinafika nako monyadira ndithu, ngati adokotala afika. Kutsekula, ndinapeza timapulasitala ta pachala, guluu wake atasungunuka kalekale ndi kutentha. Kabandeji kamodzi koti sikangazungulire ntchafu kawiri. Kasizasi kokanika kudula ngakhale ulusi. Mapini ambirimbiri. Magolovesi anang'ambika ndisanalowetse chala chachitatu. Ndinaima pamenepo, foni kukamwa ndikuwalitsira, manja ali njenjenje, mwana wa eni akutha magazi.

Anatipulumutsa ndi amayi ena achikulire amene anatsika mu minibasi yomwe inaima pambuyo pathu. Sanafunse za kabokosi. Anavula chitenje chomwe anafunda, kuching'amba ndi mano, kupindapinda, kuchiika pabala ndi kutsamirapo ndi thupi lonse. Kenaka anandiyang'ana. "Bambo, tayani zidolezo. Gwirani apa, mukanikize, musasuzumire." Nsalu itanyowa sanaichotse, anangosanjikizapo ina pamwamba. Anauza mnyamata wina avule jekete amufunditse wovulalayo chifukwa anali atayamba kunjenjemera. Ndinakanikiza choncho mpaka kuchipatala, manja anachita dzanzi, malaya anga oyera a kumaliro sanabwererenso. Mnyamatayo anapulumuka. Dzina la amayiwo sindinafunse, mpaka lero zimandiwawa.

Kuyambira tsiku limenelo timabokosi ta m'sitolo sindikhala nato pa ubale. Poyamba ndinkanena kuti n'tabwinoko kusiyana n'kukhala wopanda kanthu. Pano ndinasintha, ndimati nthawi zina n'toipa kuposa kusakhala nako, chifukwa kamakugoneka tulo. Zinthu 100 zimene amalembazo amawerenga pini iliyonse ndi kapulasitala kalikonse pakokha. Ndipo timabokosi timeneti n'tokonzera anthu a kumaiko kumene ukaimba foni ambulansi imabwera usanamalize kulira. Ife kuno, pakati pa Jenda ndi Mzuzu, kapena pa msewu wopita ku Nyika ukadutsa geti la Thazima, netiweki imabwera ndi kuthawa, ndipo ambulansi ndi galimoto ya munthu wachifundo amene waima. Zida zathu ziyenera kusunga munthu maola, osati mphindi. Mutu ukawawa Panado mukampeza pa golosale iliyonse, koma magazi sadikira kuti mufike pa Jenda.

Pomwepo ndinenepo za khalidwe lathu pa ngozi, chifukwa limandinyansa. Usiku umenewo panali anthu oposa khumi, ndipo atatu anali kalikiliki kujambula kuti akaponye pa WhatsApp ndi Facebook. Abale a munthu amamvera pa sitetasi ya mlendo kuti mwana wawo wagona mumsewu. Ena amene amafuna kuthandiza ndiye amakoka wovulala wina mwendo wina mkono ngati thumba la chimanga, pamene ngati khosi kapena msana wathyoka kukokako n'komwe kumamupundula. Pokhapokha pali moto kapena galimoto zina zingamugunde, munthu wodandaula khosi asasunthidwe mwachisawawa, mutu ugwiridwe kuti usagwedezeke. Wokomoka samwetsedwa madzi, ngakhale Fanta, amatsamwa. Ngati akupuma mumugoneke chammbali.

Nanga za kupsa! Galimoto ikatentha pokwera Chiweta, abambo amathamangira kutsekula chitsekero cha rediyeta, nthunzi n'kuwalasa dzanja. Kenaka mumva wina akuti pakani Colgate, wina dzira, wina mafuta ophikira. Ayi. Madzi ozizira oyera, kuthira osalekeza kwa mphindi 20, n'kuphimba ndi nsalu yoyera yosamata. Ndiye chifukwa chake madzi ndimawawerenga ngati mankhwala oyamba m'galimoto. Amatsuka bala, amaziziritsa popsa, amatsuka m'maso, ndipo mumamwa pamene mwatchona. Amene anagwidwa panjira mu March 2023, namondwe Freddy atadula misewu ndi milatho kum'mwera, angakuuzeni kuti botolo la madzi abwino limasanduka chuma.

Mapiritsi ndiye musawasiye m'galimoto. Galimoto yoimikidwa padzuwa la October ku Salima kapena ku Nchalo imasanduka uvuni, mankhwala amafooka, guluu amasungunuka, magolovesi amafumbwa. Mapiritsi aziyenda m'chikwama chanu cha m'manja, muzitsika nawo. Ndipo musasunge LA kuti mwana akangotentha thupi mum'mwetse. Kutentha thupi si malungo nthawi zonse, kayezetseni kaye.

Za kuphiri

Apa ndiye ndimakangana ndi anzanga. Aliyense wokwera Mulanje koyamba amafunsa za njoka, palibe amafunsa za kuzizira. Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo chiperoni chikatsika simuona ngakhale mnzanu amene ali patsogolo panu. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anapita yekha chakumtunda atasiya womuperekeza, anakapezeka patapita masabata atamwalira ndi kuzizira. Choncho chida choyamba n'kutenga woperekeza wodziwa njira, pa Likhubula alipo, ndipo musasiyane naye ngakhale mutadziona kuti muli ndi mphamvu. Chachiwiri jekete losalowa madzi ndi juzi youma yokulunga mu jumbo. Tochi ya pamutu, wezulo chifukwa mawu amatha koma wezulo satopa, machesi mu kabotolo kotseka, mtedza ndi shuga pang'ono, WaterGuard kapena mapiritsi otsukira madzi, pulasitala wa matuza, ndi bandeji yotamuka ya bondo kapena kakolo chifukwa kutsika n'komwe kumavulaza. Nyumba zogona za pamwamba monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo zili ndi pokolezera moto, koma si famase. Zonsezi zikwane m'kachikwama kopepuka, chifukwa chinthu cholemera mudzachisiya pansi tsiku lomwe chikufunika.

Njokazo poti mufunsabe: mphiri ikaluma musacheke, musayamwe, musamange chingwe cholimba, ndipo kamwala kakuda kaja sikachotsa ululu. Vulani mphete ndi zibangili kutupa kusanayambe, wolumidwayo asayende ngati n'kotheka kumunyamula, thamangirani kuchipatala. Agogo anga akanamva ndikunena izi akanandilanda mbale ya nsima, koma ndi mmene zilili.

Ndatalikitsa, bwererani nane ku funso lanu. Pa awiriwo musagule kalikonse chifukwa cha nambala yolembedwa kunja. Ngati mwakakonda kachikwamako gulani kotsika mtengo, mukhuthule, mudzaze nokha ku famase. Kapena tengani kontena ya pulasitiki yotseka bwino, ija mumasungira zakudya. Muikemo gauze wambiri, kuposa amene mukuganiza kuti akwana, mabandeji akuluakulu anayi, otamuka awiri, mpukutu wa pulasitala, magolovesi mapeya asanu, sizasi yeniyeni yodula jinzi, sopo, mankhwala otsukira bala, ndi mapaketi a Thanzi chifukwa muli ndi ana. Thanzi akatha, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya mchere. Thonje musaike pabala penipeni, limakakamira. Mapadi a amayi osatsekula amagwira bwino ntchito yokanikizira bala lalikulu, ndipo inu simungachite nawo manyazi monga ndinachitira ine pogula. M'chikwama chanu Panado wa akulu ndi wa ana, piritoni wa zolumaluma, ndi mankhwala amene wina m'banja amamwa tsiku ndi tsiku. Pambali pa kontenayo malita asanu a madzi, bulangeti, tochi ya mabatire, pawabanki, majampa, chingwe chokokera, chozimitsira moto, ndi matrayango awiri kuti musadzathyole nthambi ngati a lole aja. Kontenayo ikhale pansi pa mpando, osati pansi pa matumba a ufa, ndipo muziitsekula kawiri pachaka kuona zomwe zatha ntchito. Ndalama yotsalayo mukafunse a Red Cross kapena a St John za maphunziro a chithandizo choyamba, mupite ndi mwana wanu wamkulu.

Ndi zitenje ziwiri zochapa bwino. Chimamanga bala, chimakoleka mkono wothyoka, chimafunditsa, anthu anayi akagwira m'makona chimanyamula mwana. Inu palibe adzakufunseni kanthu. Ine nditaika changa pansi pa mpando osanena, mayi a kunyumba anachipeza Loweruka akutsuka galimoto, ndipo nkhani ya ku Chikangawa ndinaifotokoza katatu asanakhulupirire kuti chitenjecho chilibe mwini.