Yankho kwa amalume: nduna yaikulu ya ku Britain imasintha bwanji popanda chisankho?

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaliona funso lanu pagulupa, loti kodi demokalase ya kuno ku Britain ndi yotani, poti mu 2022 nduna zazikulu zinakwana zitatu chaka chimodzi anthu osapita kukavota. Kulemba kuchedwetsa, ndingolankhula.

Kunotu amalume, nduna yaikulu sitiivotera ayi. Dzina lake limapezeka papepala la voti m'dera lake lokha, ngati phungu wina aliyense. Madera alipo 650, dera lililonse phungu mmodzi, ndipo amene waposa anzake mavoti ndiye wapambana, ngakhale atasiyana ndi voti imodzi. Kenako Mfumu imaitana mtsogoleri wa chipani chimene chili ndi aphungu ochuluka kuti apange boma. Ndiye chipanicho chikasintha mtsogoleri wake, basi nduna yaikulu yasinthanso pomwepo. Ku South Africa zimayandikira pamenepo, pulezidenti amasankhidwa ndi nyumba ya malamulo. Mukukumbukira a Thabo Mbeki mu 2008 ndi a Jacob Zuma mu 2018, anatula pansi udindo chipani chawo cha ANC chitawauza kuti zakwana.

Mu 2022 muja zinayenda chonchi. A Boris Johnson, amene anali nduna yaikulu, nduna zawo zinayamba kutula pansi maudindo motsatizana mu Julaye, iwo n'kugonja. Chipani cha Conservative chinachita chisankho cha m'nyumba, mamembala okhaokha, ndipo mayi Liz Truss anapeza mavoti 81,326. Taganizani amalume, dziko la anthu oposa 60 miliyoni, mtsogoleri wake n'kusankhidwa ndi anthu ochepa chotero. Mfumukazi Elizabeth anawalandira kunyumba yawo ya Balmoral ku Scotland pa 6 Sepitembala, patangopita masiku awiri mfumukaziyo n'kumwalira. Mayi aja anabwera ndi ndondomeko yochotsa misonkho osanena kumene ndalama zichokere, paundi inagwa mphamvu, chiwongoladzanja cha ngongole za nyumba chinakwera, anthu analira. Anakhala masiku 49 okha. A Rishi Sunak analowa pa 25 Okutobala, ndipo iwowo ngakhale mamembala aja sanavote, aphungu a chipani anangogwirizana. Malamulo awo amalola, koma ine zimenezi sizinandisangalatse olo pang'ono.

Koma chimene chimandivutitsa mutu kwambiri ndi china. Pa 4 Julaye 2024 kunali chisankho, ndipo ine ndinakavota, chifukwa ife a Malawi okhala kuno movomerezeka timaloledwa, poti tili mu Commonwealth. Malo ake anali holo ya tchalitchi, mzere panalibe, azimayi awiri patebulo. Ndinaonetsa chiphaso chachithunzi, anandipatsa pepala, n'kukachonga ndi pensulo. Eee, pensulo amalume, ndipo inki pachala sapaka. Zotsatira zitatuluka, chipani cha Labour chinapeza pafupifupi mavoti 34 pa 100 aliwonse, koma mipando 411 mwa 650 ija. Chipani cha Reform chinapeza mavoti 14 pa 100, mipando isanu yokha. Kaya munthu umachikonda chipanicho kaya ayi, anthu mamiliyoni amenewo mawu awo ali kuti m'nyumba ya malamulo?

N'chifukwa chake ndikamva anthu akunyoza zakwathu ngati kuno zonse n'zolongosoka, ndimatsutsa. Mu 2019 a Peter Mutharika analengezedwa kuti apambana ndi mavoti 38 pa 100, khoti pa 3 Febuluwale 2020 linafafaniza chisankhocho n'kunena kuti pulezidenti azidutsa theka la mavoti, 50+1 ija. Pamenepo tinawapitirira. Kungoti aphungu athu timawasankhabe njira ya kunoyi, imene tinatengera kwa atsamunda, ndiye phungu amatha kulowa ngakhale ambiri m'dera mwake anavotera ena.

Chimene ndinasirira ndi m'mawa wa pa 5 Julaye. Malo ovotera anatseka 10 koloko usiku, kuwerenga kunachitika usiku wonse, kusanache a Sunak anali atavomera kuti agonja ndipo anaimbira foni a Keir Starmer, mtsogoleri wa Labour. Mmene limafika masana n'kuti atakatsanzika kwa Mfumu, a Starmer atalowa kale ku Downing Street, kunyumba ya nduna yaikulu. Ife tinapita kuntchito monga mwa masiku onse, sitolo zili zotsegula, mabasi akuyenda.

Ndalankhula zambiri. Mundiperekere moni kwa onse kunyumbako, Loweruka ndiimba.