Pulojekita ya maso atatu ikamaonetsa anthu a mithunzi yofiira ndi yabuluu

Funso: Amisiri, ndili ku Luchenza. Ndinagula pulojekita yakale ya Sony, ya maso atatu ija, kwa bambo ena amene apuma ntchito ku esiteti ya tiyi. Kwawoko inkaonetsa bwinobwino. Nditafika nayo kwathu, munthu aliyense pa chithunzi ali ndi mthunzi wofiira mbali iyi, wabuluu mbali inayo, zigoli za mpira osawerengeka. Kodi yawonongekera pa msewu? Ndikaibweze?

Yankho: Musaibweze achimwene, makinawo ngamoyo. Vuto ndi loti mwaisuntha, ndipo pulojekita za mtundu umenewu zimadana ndi kusunthidwa.

Kuseri kwa maso atatuwo kuli machubu atatu, ofanana ndi a TV zakale zotupa kumbuyo zija, koma aang'ono ndi owala kwambiri. Chubu chimodzi chimajambula chithunzi chonse chofiira, china chobiriwira, china chabuluu. Zitatuzo zimakakumana pa khoma, ndipo zikagonerana ndendende diso lanu limaona chithunzi chimodzi. Kuzigoneka pamodziko amisiri timati convergence. Bambo aja anaichuna molingana ndi khoma lawo komanso mtunda wa m'chipinda mwawo. Kwanu mtunda ndi wina, ndiye mitundu yabalalika.

Anthu ambiri akaona zimenezi amathamangira limoti n'kuyamba kudina mabatani. Limotiyo iyambe yakhala pa tebulo. Ntchito yoyamba ndi ya tepi, chingwe ndi levulo ya amisiri omanga nyumba. Makina awa alibe zoom ngati pulojekita zatsopano, kukula kwa chithunzi kumadalira pamene mwaiika basi. Pa makina ambiri a zaka za m'ma 1990, mtunda wochoka pa diso kukafika pa sikirini umakhala pafupifupi kamodzi ndi theka kutambalala kwa sikiriniyo, moti ya mamita 2 m'lifupi imafuna mamita 3 kapena kucheperako pang'ono. Nambala yeniyeni ili m'buku la modelo yanuyo, ndipo mabuku amenewa amapezeka pa intaneti. Kenako kokani chingwe kuchoka pa diso lapakati kukafika pa ngodya ya kumanja ya sikirini, mubwereze ku ngodya ya kumanzere. Zingwe ziwirizo zikasiyana, pulojekita yayang'ana chammbali. Ikani levulo pamwamba. Zonse zikakhala bwino, lembani pansi ndi penti pamene pali miyendo ya tebulo, ndipo muwauze a m'nyumbamo kuti posesa azizungulira.

Yatsani, muisiye kwa mphindi 20 kapena 30. Ikamatentha mitundu imayenda pang'ono, ndiye mukachuna idakali yozizira mudzapeza zasokonekeranso filimu isanafike pakati.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani musachidumphe. Tsitsani contrast (kuwala kwa chithunzi) kwambiri kuti maso asakupwetekeni, musuzumire m'diso lililonse. Muona kachithunzi kakang'ono pa nkhope ya chubu. Kazikhala pakati, kosiya mpata mbali zonse. Kakasefukira m'mphepete, galasi la chubu limatentha mpaka kusweka, ndipo chubu china simungachipeze ngakhale mutazungulira Limbe yense.

Tsopano tengani limoti. Ya Sony ili ndi mabatani ozimitsira mtundu umodziumodzi, komanso lotulutsa mizere yopingasana ngati ukonde. Zimitsani wofiira ndi wabuluu, mutsale ndi wobiriwira, chifukwa ndiye ali pakati ndipo enawo amatsata iyeyo. Diso lililonse lili ndi pochunira fokasi pawiri, pena pa pakati pa chithunzi, pena pa m'makona. Yambani ndi pakati. Ine ndimagwira pepala loyera pa sikirini n'kumalisendeza cha kumene kuli pulojekita; mizere ikamaoneka yakuthwa pa pepala kuposa pa khoma, ndimadziwa kuti fokasi yathera m'njira. Wabuluu musalimbane naye kwambiri. Diso la munthu silimuona bwino, ndipo amisiri ambiri amamusiya dala wosathwa kwenikweni kuti aziwala mokwanira.

Wobiriwira yemweyo muwongoleni: SIZE ya kukula, KEY ngati pamwamba patambalala kuposa pansi, PIN ngati m'mphepete mwapindika ngati uta, SKEW ngati ukonde wapendama. Yezani ndi tepi, maso amanama. Akawongoka, yatsani wofiira. Pamene wagona pa wobiriwira mzere umasanduka wachikasu. Yambirani pa mtanda wa pakati, ndipo ngati wofiirayo ali kutali ndi masentimita angapo, musamukoke ndi mabatani. Pa makina ena maso a m'mbaliwo amatembenuka pang'ono mukamasula mabawuti ake, ndiye mubweretseni pafupi ndi dzanja, mabatani angomaliza. Mukakakamiza zonse ndi mabatani, mabodi a m'kati amagwira ntchito mopitirira, amatentha, mitundu n'kumangosuntha tsiku ndi tsiku. Pakati pakakhala bwino pitani m'mphepete, ZONE ikhale yomaliza yokonzera timalo totsalira. Wabuluu chimodzimodzi, koma pameneponso imani pafupi ndi sikirini, mwana akudinireni limoti.

Mukamaliza dinani MEMORY. Ine ndinakhalapo masana onse m'nyumba ina cha ku Bvumbwe, mizere yonse itagonerana mokongola, ndikumwa tiyi wa mwininyumba, magetsi anangoti phethi. Ndinali ndisanasunge. Tinayambiranso mawa lake, ndipo ndalama ya tsiku lachiwirilo sindinaitchule n'komwe. Dziwaninso kuti dikoda yathu kuno imatulutsa chithunzi cha mtundu wa PAL ya 50 Hz pamene ma DVD ochokera ku America ndi a NTSC ya 60 Hz, ndipo makinawo amasunga machunidwe a chilichonse padera. Mukachuna pa dikoda kenako DVD n'kubwera ndi mithunzi, sikuti mwalakwitsa, nayonso ikufuna kuichunira payokha.

Funso: Ine ndili pa Chitakale ku Mulanje. Yanga mitundu ili bwino, koma chithunzi chili ngati chili mu nkhungu, makamaka nyengo ya chiperoni. Fokasi ndachuna mpaka kutopa.

Yankho: Mayi, fokasi isiyeni, ilibe mlandu. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumunsi kwa phiriko chinyontho chimalowa paliponse, ndipo m'mawa malenzi ozizira amachita thukuta. Ngati nkhunguyo ikutha makina akatentha, ndi zimenezo, ingotsekani mawindo ndi kuiphimba ndi nsalu youma ikazizira. Osapukuta ndi malaya kapena chitenje. Malenzi ambiri a makina amenewa ndi apulasitiki, sachedwa kukalika.

Ngati sikutha, zimitsani makina, muunike m'diso lililonse ndi tochi. Kutsogolo kwa chubu kuli madzi oziziritsa otchedwa glycol. Akakalamba amachita mbuu, nthawi zina m'kati mumamera zinthu zonga nguwi kapena ulusi wa kangaude. Zimenezo zimakonzeka, timakhuthula madziwo, kutsuka, n'kuthira atsopano. Koma mukaona bokosi la bulawuni pa nkhope ya chubu, kapena chizindikiro cha tchanelo chitadindika pakona, ndiye kuti chubu chapsa chifukwa choonetsa chinthu chimodzi nthawi yaitali contrast ili pamwamba. Chimenecho chilibe mankhwala.

Musatsegule nokha. M'kati muli mphamvu ya mavoti oposa 30,000, ndipo chubu chimatha kusunga magetsi ngakhale mutazula pulagi. Musainyamulenso kubwera nayo kwa mmisiri, chifukwa zambiri zimalemera kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndipo mukabwerera nayo muyambanso kuchuna. Itanani mmisiriyo abwere kwanu.

Funso: Ndimachuna lero, mawa zasuntha. Ndili ndi video show pa Thyolo boma.

Yankho: Ngati mumadikira kuti itenthe ndipo mumasunga podina MEMORY, yang'anani masipika. Ali ndi maginito aakulu, ndipo maginito amakhotetsa chithunzi m'chubu. Anyamata anu akamawasuntha usiku uliwonse pafupi ndi makinawo, mitundu imasuntha nawo. Atalikitseni mita imodzi kapena kuposa. China ndi tebulo: pa video show anthu amatsamira, ana amagunda ndi miyendo. Pitani kwa owotcherera akupangireni choikapo chachitsulo, muchimange ndi mabawuti pa simenti, n'kuchitchinga kuti owonera asamachifike.