Lolani ayeze CRP, koma mkodzo musauiwale

Achemwali, CRP imene akukuuzaniyo, ija amayeza m'magazi kuti aone ngati thupi likulimbana ndi matenda, lolani ayeze, musaone ngati akungofuna ndalama zanu. Nditawerenga zimene mwalemba, zoti mwana wanu sanamupeze ndi malungo koma thupi likadali moto, mtima wanga unangoti myu.

Wanga anali ndi miyezi 8. Pa health centre anamubaya chala, malungo palibe, basi clinician uja foni ili kukhutu n'kulemba amoxicillin ndi Panado m'buku, mwana osamukhudza n'komwe. Sanamuvule, sanasuzumire m'khutu kapena kukhosi. Nditabwereranso anati, "Amayi musamapupulume, mankhwala sanayambe kugwira." Kupulaiveti anangosintha n'kutipatsa Bactrim, ndalama n'kulandira.

Usiku wake magetsi anali atazima. Ndamubereka, kutentha kukudutsa chitenje mpaka kumsana kwanga. Ndikamupatsa bere ankangoliyang'ana, kulira komwe kunali kutamuthera. Kenako anauma gwaa, maso n'kutembenuzika, timanja tikugwedezeka tokha. Bambo ake anatuluka opanda nsapato kukagogoda kwa mnyamata wa njinga yamoto, apongozi akulimbana nane kuti amuthire madzi a mumtsuko, ine ndikungoitana dzina lake. Panjinga paja ndinkaika tsaya langa pamphuno pake kuti ndimve ngati akupuma.

Kuchipatala chachikulu anatenga magazi ndi mkodzo. CRP inali pamwamba kwambiri, maselo oyera ochuluka, koma chinaulula zonse ndi mkodzo: matenda a m'njira ya mkodzo anali atakwera mpaka ku impso. Mitsempha ya m'manja sinkaoneka, kanula anaibaya paphazi, n'kuyamba kumupatsa antibayotiki wotchedwa ceftriaxone. Nesi wina wachikulire ndiye anandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti CRP imapangidwa ndi chiwindi thupi likamalimbana ndi matenda. Ikakwera kwambiri amaganizira mabakiteriya, ikakhala yotsika nthawi zambiri amakhala mavairasi, amene amoxicillin alibe nawo ntchito. Koma siinena pamene pali matendawo, ndipo malungo nawonso amaikweza. Mukayeza kutentha kutangoyamba ikhoza kutuluka yotsika, chifukwa imatenga tsiku kapena awiri kuti ifike pachimake. Palinso ina yotchedwa procalcitonin, imakwera msanga, koma sipezeka paliponse.

Clinician uja mpaka lero ndikamuona pamsika ndimawoloka msewu. Kabotolo ka mkodzo kokha, abale! Akanangoika foni pansi n'kufunsa, mwana wanga sakanafika pokomoka. Ena amakhala ngati cholembera chawo chimadziwa mawu amodzi okha, amoxicillin, ndiye tizidabwa kuti mankhwala asiya kugwira?

Ndiye musalole antibayotiki wongolemberedwa osayeza, ndipo zogula makapusozi kugolosale musayerekeze. Komabe mwana akasiya kuyamwa, akamasanza chilichonse, akafooka kapena kukomoka, musakhale pabenchi kudikira zotsatira, kuwani ndithu amupatse mankhwala pompo, pepala libwere pambuyo. Simunanene msinkhu wake, koma ngati sanakwane miyezi 3 ndipo kutentha kwa thupi kwafika madigiri 38, pitani usiku womwewo. CRP ikatuluka yotsika, mwana akusewera ndiponso akuyamwa, akhoza kukubwezani ndi Panado yekha, n'zololeka, ngakhale ine sindingatuluke pageti asanandiuze tsiku lobweranso. Mkodzo auzeni atenge mwana asanamwe antibayotiki aliyense, chifukwa akayamba kumwa tizilomboto timavuta kupezeka.