Mafunso a Awerengi: Kodi amalume agulitse ng'ombe kuti ndikaphunzire masabata atatu ku The Hague?

FUNSO

Akonzi, ndine mtsikana wa ku Lizulu m'boma la Ntcheu, ndipo ndili m'chaka chachitatu cha maphunziro a zamalamulo. Ndaona chilengezo cha maphunziro afupiafupi amene amachitika ku Ulaya pakati pa Juni ndi Ogasiti, amene eni ake amawatcha summer school, okhudza malamulo oweruzira milandu ikuluikulu ya padziko lonse. Nkhani zimenezi zinandilowa mumtima ndili mwana, chifukwa agogo anga aakazi anasungapo pakhomo pawo banja lothawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo mpaka lero amafunsabe kuti anthu amene anatentha midzi ya tsidya la msewu anaweruzidwa ndi yani. Amalume anga akuti angathe kugulitsa ng'ombe ziwiri, n'kuwonjezerapo za kachewere wa chaka chino, kuti ine ndipite. Kodi ndivomere? Nanga ndikabwerako ndi satifiketi, ingandipezetse ntchito ku khoti la ICC?

Wophunzira zamalamulo, Lizulu, Ntcheu

YANKHO

Achemwali, ng'ombe za amalume zikhale kaye m'khola. Sindikunena kuti maphunzirowo ndi opanda pake, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ine amene ndikukuyankhanine ndinapitako ndipo sindinong'oneza bondo. Koma ndinapita ndi ndalama za thandizo la fizi, ndipo nditaona zimene masabata owerengekawo amapereka, sindingalimbe mtima kuuza banja la kumudzi kuti litaye chuma chake chifukwa cha ulendo umenewu.

Ndiyambe ndi funso la agogo anu, chifukwa yankho lake ndilo phunziro loyamba limene mukanakalimva kumeneko. Khoti la ICC (International Criminal Court), limene lili ku The Hague m'dziko la Netherlands, linakhazikitsidwa ndi pangano la ku Rome la chaka cha 1998, ndipo panganolo linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2002. Ndime 11 ya panganolo imati khotilo silingazenge mlandu umene unapalamulidwa tsikulo lisanafike. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo, imene inakankhira m'dziko muno anthu oposa 1 miliyoni, ena mwa iwo kudzera m'malire a Dedza ndi Ntcheu momwe msewu wa M1 umasiyanitsa maiko awiriwa, inatha ndi mgwirizano umene unasainidwa pa 4 Okutobala 1992, ku Rome komweko. Kenaka nyumba ya malamulo ya ku Mozambique inakhazikitsa lamulo lokhululukira mbali zonse ziwiri. Choncho agogo muwauze mosabisa kuti otentha midzi aja sanaimepo pamaso pa khoti la maiko onse, ndipo ICC ilibe mphamvu yowaitana. Ophunzira ambiri amafika ku The Hague akuganiza kuti apeza khoti lalikulu la dziko lonse lapansi, koma amapeza khoti lomangidwa manja ndi masiku, malire ndi chifuniro cha maboma.

Zimene amaphunzitsa n'zimenezo. Amayambira ku Nuremberg m'dziko la Germany, kumene atsogoleri a chipani cha Nazi anazengedwa mu 1945 ndi 1946, n'kudutsa pa makhoti awiri amene bungwe la United Nations linakhazikitsa, la dziko limene kale linali Yugoslavia mu 1993 ndi la Rwanda mu 1994, kenaka n'kufika pa milandu inayi imene ICC imazenga: kupulula mtundu wa anthu, nkhanza zochitira anthu wamba mwadongosolo kapena ponseponse, milandu ya pankhondo, ndi kuputa dziko lina ndi nkhondo. Gawo lovuta, limenenso limakoma kwa munthu wokonda malamulo, ndi lofufuza kuti mlandu ugwere yani. Wowombera mfuti amadziwika, koma loya ayenera kusonyeza ulusi umene ukumangirira mfutiyo kwa mkulu wa asilikali kapena nduna imene sinafikepo n'komwe pamudzi wotenthedwawo. Mudzawerenga chigamulo cha Jean-Paul Akayesu cha mu 1998, choperekedwa ndi khoti la Rwanda lija ku Arusha m'dziko la Tanzania, chimene chinali choyamba cha khoti la maiko onse kupeza munthu wolakwa pa mlandu wopulula mtundu, ndiponso chinanena kuti kugwiririra akazi kungakhale njira imodzi yopululira. Mudzakumananso ndi Thomas Lubanga wa ku Congo, woyamba kupezeka wolakwa ku ICC mu 2012 chifukwa cholowetsa ana m'gulu lankhondo, amene analamulidwa kukhala m'ndende zaka 14, komanso Dominic Ongwen wa ku Uganda, amene iye mwini anabedwa ali mwana ndi gulu la zigawenga la Joseph Kony, koma mu 2021 anapatsidwa zaka 25. Mlandu wa Ongwen umagawanitsa kalasi pakati, ndipo ine mpaka lero mtima sunakhazikike nawo.

Chimene mwina simunachiganizire n'chakuti dzina la Malawi lili kale m'mabuku amene aphunzitsi a kumeneko amagwiritsa ntchito. Dziko lathu linavomereza pangano la ku Rome mu 2002. Mu Okutobala 2011, Omar al-Bashir, amene panthawiyo anali pulezidenti wa Sudan ndipo ICC inali itatulutsa zikalata zoti amangidwe chifukwa cha zochitika ku Darfur, chigawo cha dzikolo, anabwera ku Lilongwe ku msonkhano wa COMESA, ndipo boma la Bingu wa Mutharika silinamumange. Mu Disembala chaka chomwecho, majaji a ICC anagamula kuti Malawi walephera udindo wake. Mkangano wake unali pa ndime ziwiri: ndime 27, imene imati udindo wa munthu, ngakhale akhale pulezidenti, sumuteteza ku khotilo, ndi ndime 98, imene maboma ena amaiwerenga ngati yowaletsa kumanga mtsogoleri wa dziko limene silinalowe m'panganolo, monga Sudan. Patangotha miyezi ingapo, mu 2012, boma la Joyce Banda linakana kulandira al-Bashir, ndipo msonkhano wa African Union umene unayenera kuchitikira ku Lilongwe unasamutsidwira ku Addis Ababa. Dziko limodzi, maboma awiri, mayankho awiri osiyana m'chaka chosakwana. Werengani chigamulo chimenecho mpaka muchidziwe ngati njira ya kumunda, muchiike pambali pa gawo 211 la Malamulo Oyendetsera Dziko lathu, lonena za m'mene mapangano a maiko amasandukira lamulo kuno, ndi gawo 17, loletsa kupulula mtundu wa anthu. Kalata yopempha thandizo la fizi yolembedwa ndi munthu wodziwa zimenezi, wotha kufotokozanso za banja limene agogo ake anasunga, imasiyana kutali ndi makalata ongoti “ndimakonda chilungamo”.

Za malo ophunzirira, odziwika bwino ndi awa. Hague Academy of International Law, imene inayamba mu 1923 ndipo ili pa nyumba yotchedwa Peace Palace ku The Hague, imaphunzitsa masabata atatu a malamulo a pakati pa maiko, m'Chingerezi ndi m'Chifalansa, ndipo imapereka thandizo kwa ophunzira ena. Koma maphunziro ake ndi otambalala, sakhala pa milandu yokha, ndiponso imafuna anthu amene apita kale patali ndi digiri yawo, choncho muwerenge bwino zoyenereza zake. Yunivesite ya Leiden, kudzera ku Grotius Centre, imakhala ndi maphunziro olunjika pa milandu imeneyi mu The Hague momwemo. Ku Galway m'dziko la Ireland, Irish Centre for Human Rights yakhala ikuchititsa maphunziro a masiku ochepa okhudza ICC. Musasokoneze makhoti awiri: la pa Peace Palace ndi ICJ, loweruza mikangano ya pakati pa maboma, pamene ICC imazenga anthu ndipo ili ndi nyumba yakeyake kufupi ndi nyanja.

Chimene ndinapindula nacho kwambiri sichinali m'kalasi. Tsiku lina anatitengera ku khoti la ICC, tinasiya mafoni ndi zikwama pakhomo, n'kukakhala kuseri kwa galasi lochindikala titavala zomvera m'makutu. Mboni inali itabisidwa nkhope ndipo mawu ake anali atasinthidwa ndi makina, womasulira akutsatira pambuyo pang'onopang'ono. Loya anatha pafupifupi ola lathunthu akufunsa za mtunda wa pakati pa mtengo wina ndi nyumba ina, ndipo pamene mboniyo inayandikira kutchula dzina la mudzi, mawu anazimitsidwa, ife n'kutsala tikuyang'ana milomo ikugwedera. Pamenepo ndinazindikira kuti ntchito imeneyi ndi ya umboni, yofanana ndi ya kukhoti la majisitireti pa boma la Ntcheu, kungoti mafailo ake ndi odzaza chipinda.

Tsopano ndalama. Fizi ndi chiyambi chabe. Pali tikiti ya ndege kuchokera ku Kamuzu International Airport, kudzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, kukatera pa bwalo la ndege la Schiphol ku Netherlands, kumene sitima yapamtunda imakufikitsani ku The Hague m'mphindi pafupifupi 30. Pali malo ogona, amene nthawi zambiri sakhala m'kati mwa fizi ndipo amakwera mtengo m'miyezi imeneyo chifukwa cha alendo okaona malo. Pali viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Netherlands, imene imafuna kalata yokuitanani, umboni wa ndalama za ku banki, ndi inshuwalansi ya zaumoyo yosachepera 30,000 yuro. Ya ku Ireland ndi ina, chifukwa dzikolo silili mu Schengen. Zonsezi zimalipiridwa m'ndalama zakunja, zimene inu mukudziwa m'mene zikuvutira kupeza, makamaka kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mukawerengetsa moona mtima mudzapeza kuti ng'ombe ziwirizo zikhoza kuthera pa tikiti yokha, amalume n'kutsala opanda ngolo yokokera kachewere kupita kumsika.

Palinso nkhani ya kalendala imene ambiri amaiiwala. Miyezi imene Azungu amatsekera sukulu ndiyo ija ya chisanu choboola m'mafupa kwanu ku Lizulu ndi ku Dedza, ndipo sizichitika kawirikawiri kuti tchuthi cha mayunivesite athu chigwere pomwepo. Musanalembe kalata iliyonse, kaonaneni ndi mkulu wa nthambi yanu ya zamalamulo, mufunse ngati simudzaphonya mayeso, ndipo chilolezo chake chikhale cholembedwa. Mufunsenso ngati maphunzirowo angawerengedwe pa digiri yanu, koma musadabwe akakuuzani kuti ayi. Mukapita, juzi musaisiye: ine ndinanyengedwa ndi mawu akuti summer, ndipo mphepo ya kunyanja inandiphunzitsa mwambo, dzuwa lili chiwalire mpaka cha m'ma 10 koloko usiku.

Pa funso lanu lomaliza, yankho ndi lakuti ayi. Satifiketi imeneyo ndi umboni wakuti munakhalapo, siikupatsani chilolezo choimira munthu pamlandu, ndipo olemba ntchito ku ICC amayang'ana digiri, zaka zimene mwagwira ntchito m'makhoti, ndi zilankhulo. Khotilo limagwira ntchito m'Chingerezi ndi Chifalansa, ndipo popeza milandu yambiri yachokera ku Congo, Mali ndi Central African Republic, Chifalansa chingakutsegulireni zitseko zambiri kuposa masabata atatu aja. Phindu lenileni la summer school ndi mphunzitsi amene angadzakulembereni kalata pofunsira digiri yachiwiri, ndi anzanu amene mudzakumbutsana nawo za mipata ikatuluka.

Chaka chino chitani izi. Zigamulo zambiri za ICC zili pa intaneti mwaulere, ndipo milandu imaonetsedwanso pomwepo. Lowani m'mipikisano ya makhoti oyeserera, monga wa ufulu wachibadwidwe wa mu Africa umene Centre for Human Rights ya Yunivesite ya Pretoria imakonza. Kumbukiraninso kuti ku Arusha, kumene munthu angafike pa basi kudzera pa Songwe, kuli nthambi ya bungwe limene linatsala ndi ntchito za khoti la Rwanda pamene linatsekedwa mu 2015, komanso khoti la Africa la ufulu wa anthu. Makalata opempha thandizo la fizi amatsekedwa miyezi yambiri maphunziro asanayambe, choncho pasipoti, zotsatira za mayeso ndi makalata a aphunzitsi awiri zikhale zokonzeka Khirisimasi isanafike. Thandizo likapezeka n'kutsala ndalama ya m'thumba yokha, pamenepo mukhoza kukagwada kwa amalume.

FUNSO

Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo mwana wanga akulimbikira za maphunziro omwewa. Kodi si khoti lomwe lija limangosaka Aafirika? Mwana wa Mmalawi akaphunzireko chiyani?

Bambo wa ku Linthipe, Dedza

YANKHO

Bambo, dandaulo lanu lili ndi maziko. Onse amene tawatchula kuti anapezeka olakwa ndi a mu Africa, pamene maiko amphamvu monga America, China ndi Russia sali m'panganolo, ndipo dziko la Burundi linatulukamo mu 2017. Koma mbali ina ya nkhaniyi ndi yakuti maboma a Uganda, Congo, Central African Republic ndi Mali anaitana okha khotilo, ndipo kuyambira 2012 mpaka 2021 mkulu wozenga milandu anali Fatou Bensouda wa ku Gambia. M'zaka zaposachedwa khotilo latulutsa chikalata chomangira Vladimir Putin mu 2023, ndipo Rodrigo Duterte, mtsogoleri wakale wa Philippines, anamangidwa n'kutengeredwa ku The Hague mu 2025.

Chifukwa chachikulu choti mwana wanu aphunzire chili mu ndime 17 ya pangano la ku Rome, imene imati ICC imalowererapo pokhapokha ngati makhoti a dziko sakufuna kapena sangathe kuzenga mlanduwo moona. Ndiye kuti dziko lokhala ndi maloya ndi majaji odziwa malamulowa limatha kusunga milandu yake kwawo. Hissène Habré, mtsogoleri wakale wa Chad, sanapite ku The Hague: anazengedwa ku Dakar m'dziko la Senegal, pamaso pa majaji a mu Africa, ndipo mu 2016 analamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Pa za ndalama ndi kalendala, zimene ndauza achemwali a ku Lizulu zikukhudzanso mwana wanu, ndipo ndalama za penshoni musazikhudze kalata ya thandizo la fizi isanayankhidwe.