Funsani Aphunzitsi: Annihilator ikutembenuza bwanji lattice chadodolido?

FUNSO: Aphunzitsi, ndili chaka chachitatu pa UNZA (University of Zambia), ndikupanga masamu. Annihilator ndaimvako, kuti ndi zinthu zonse za mu ring zimene ukataimusa ndi ideal yako ansala imabwera 0. Koma buku likuti imatembenuza lattice ya ma ideal, apa ndiye mutu waima. Mayeso ali pafupi, ndithandizeni chonde. Mwana wanu, ku Kalingalinga.

YANKHO: Mwanawe, funso ili landisangalatsa zedi, pamenepa mpamene algebra imayamba kukoma. Tseka kaye bukulo, tenga pepala ndi pensulo, uyang'ane wotchi ya pakhoma. Ring ndi gulu la manambala momwe ungaphatikize, kuchotsera ndi kutaimusa, ndipo ring ya Z12 ndi wotchi imeneyo basi, ukafika pa 12 wabwerera pa 0.

Ma ideal ake alipo 6 okha, amachokera ku manambala ogawa 12: ideal ngati (2) ndi gulu la manambala onse amene umapeza ukataimusa 2 ndi nambala iliyonse ya pa wotchi. Lemba (1) pamwamba, imeneyo ndi ring yonse, pansi pake (2) ndi (3), kenako (4) ndi (6), pansi penipeni (0). Koka mzere kuchoka pa (2) kupita pa (4) ndi pa (6), koma kuchoka pa (3) mzere upite pa (6) yokha chifukwa 4 mulibe mu (3), apa ambiri amalakwitsa ndiye samala. Chimene wajambulacho ndiye lattice.

Tsopano funsa kuti ndani amapha 4, ndiye kuti ndi manambala ati amene ukataimusa ndi 4 ansala imabwera 0. 4 kutaimusa 3 ndi 12, pa wotchi ndi 0, ndiye Ann(4), kutanthauza annihilator ya (4), ndi (3), yomwe ndi 0, 3, 6, 9. Ann(2) ndi (6), Ann(6) ndi (2), Ann(1) ndi (0). Waona? Ideal ikakula oipha amachepa, chifukwa wopha (2) akuyenera kupha 2, 4, 6, 8, 10 onse pamodzi pomwe wopha (6) ntchito yake ndi 6 yekhayo basi. Tembenuza pepala lija mutu pansi, m'malo mwa ideal iliyonse ulembe annihilator yake, upeza chithunzi chomwe chija chabweranso. Ine ndimakondwa nthawi zonse ndikaona zimenezi.

Lamulo loti usaiwale ndi ili: ukaphatikiza ma ideal awiri I ndi J, Ann(I+J) ndi pamene Ann(I) ndi Ann(J) zakumana, manambala opezeka mu zonse ziwiri. Yesa (4) ndi (6), kuphatikiza zimapereka (2) ndipo Ann yake ndi (6), mbali inayi (3) ndi (2) zimakumana pa (6) yomweyo.

Koma chenjera pa mayeso, si ring iliyonse imabweza ideal yako ukatenga annihilator kawiri. Mu Z12 zimatheka, Ann(Ann(4)) ndi (4). Mu Z, manambala athu a tsiku ndi tsiku, wopha 2 ndi 0 yekha, ndiye ukatenganso kachiwiri umapeza Z yonse, (2) yasowa. Ma ring a Artinian (momwe ukamatsika ma ideal umafika poima) amene amabweza bwinobwino mbali zonse amatchedwa quasi-Frobenius, dzina limeneli linachokera kwa Tadasi Nakayama wa ku Japan. Ma ideal enieniwo anawabweretsa ndi Richard Dedekind mu 1871, ndipo Emmy Noether anawayala bwino mu pepala lake la 1921.

Mawa uli mu minibasi pa Great East Road, jambula Z30. Ma ideal ake ndi 8 ndipo chithunzi chituluka ngati bokosi. Undilembere kuti Ann(6) ili pa kona iti.