Nkhupakupa zimakhala kuti nthawi ya chilimwe?

FUNSO: Ine ndi mlimi wa kwa Mwansambo ku Nkhotakota ndipo ng'ombe zanga zimadya m'thengo la mitengo ya mombo. Mu Okutobala makutu ake amakhala oyera, koma mvula ikangogwa masabata angapo, nkhupakupa zimadzaza m'makutumo. Kodi ndi mvula imene imazibala?

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Mvula sibala nkhupakupa, imangodzutsa zimene zinali kale m'thengomo. Zofiirira zimene mukuziona m'makutuzo ndi za mtundu umene umafalitsa chigodola cha ng'ombe, ndipo kuno kwathu zazikulu zake zimachuluka kuyambira mu Disembala kufikira cha mu Malichi.

Mdani wamkulu wa nkhupakupa ndi kuuma. Dzuwa likamaswa mtengo mu Okutobala, mitengo itayoyola masamba ndipo udzu utapsa ndi moto, kachilomboka kamataya madzi a m'thupi msanga, choncho kamabisala pansi pa masamba ofota ndi m'tsinde mwa udzu, makamaka m'mbali mwa mitsinje ngati Bua momwe chinyezi sichitheratu. Mvula ikabwera, udzu n'kutalika, mthunzi n'kubwerera, nkhupakupa imakwera kunsonga kwa udzu n'kutambasula miyendo yake yakutsogolo. Siuluka ndipo sidumpha, koma imamva mpweya ndi kutentha kwa nyama imene ikudutsa, kenaka n'kuikakamira pamene ng'ombe yaweramitsa mutu kuti idye. Nkhupakupa za mtundu umenewu zimakonda kuluma m'makutu, n'chifukwa chake makutu ndiwo amayamba kudzaza.

Yaikazi ikakhuta magazi imagwa pansi n'kuikira mazira masauzande angapo, ndipo mazirawo amafunanso chinyezi kuti aswe. Apa ndi pamene alimi ambiri timapusitsika. Tiana timene timaswa kumapeto kwa dzinja ndi tating'ono ngati njere za fodya, ndipo timaluma ng'ombe m'miyezi ya mwera. Tikafundula n'kukulirako timalumanso m'chilimwe. Mlimi akaona makutu oyera amaganiza kuti nkhupakupa zatha ndipo amasiya kupita ndi ziweto ku dibu, chonsecho tiana tokulirakoti natonso timatha kupatsira chigodola.

Kwa inu amene muli kufupi ndi nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015, dziwaninso kuti njati zimasunga tizilombo ta matendawa popanda kudwala, choncho ng'ombe zisamadye pamene njati zimadutsa.

Musasiye kusambitsa ziweto m'chilimwe, koma mvula ikayamba muzisambitsa pafupipafupi monga angakulangizireni mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu. Amayi amene amakazula bowa m'thengomo azidziyang'ana m'khwapa, m'chiuno ndi kuseri kwa mawondo akafika kunyumba, ndipo munthu akatentha thupi pali kachilonda kakuda pamene analumidwa, akawauze a chipatala za nkhupakupayo m'malo mongoganiza kuti ndi malungo.